Masabata anayi opanda anyezi: zomwe ndinapeza kwa katswiri wa zakudya ku Mangochi boma

Matenda a celiac anandipeza nawo ku Blantyre chaka chatha, atandiyeza magazi kenako n'kutapa kanyama m'matumbo. Adokotala anati tirigu, barley ndi rye ndisadzazilawenso, chifukwa gluten, puloteni wa m'mbewu zimenezi, amachititsa thupi kuwononga timinofu ta m'matumbo aang'ono tomwe timayamwa chakudya. Buledi, mandasi, samusa ndi chapati ndinazisiya tsiku lomwelo. Koma patapita miyezi inayi, mimba inkafufumabe ngati ng'oma madzulo aliwonse. Ndimaphunzitsa sitandade 6, ndipo kuima pa bolodi mimba ikulira si zinthu.

Mnzanga wa kusukulu ndiye anandilozera kwa mayi wina, katswiri wa zakudya, yemwe amapezeka kawiri pa sabata pa kiliniki ina yolipira pa boma. Ndinapita nditakonzeka kumva kuti ndisiye zonse. Iwo sanayambire pamenepo. "Aphunzitsi, chambo mumakazinga nokha kapena mumagula chokazingakazinga?" Ndinati Loweruka ndimagula pa msewu. Anandituma kukaona ndi maso anga, ndipo ndinapezadi kuti nsomba amazigubuduza mu fulawa, mafutanso ndi omwewo okazingira mandasi m'mawa. Anandiphunzitsanso kuwerenga kuseri kwa paketi ya soya pisi ndi ya zokometsera ndiwo, poti zina zimakhala ndi tirigu. Anati tisanaimbe mlandu chakudya china, titsimikize kaye kuti gluten sakulowa mozemba. Pa ichi chokha ndalama yanga sinapite pachabe.

Mimba inachepa kuvuta koma sinasiyiretu, ndiye tinayamba zochotsa zakudya. Kwa masabata anayi ndinaleka mkaka, chambiko, anyezi, adyo, nyemba, nandolo ndi mango. Anafotokoza kuti zimenezi zili ndi mitundu ya shuga yomwe matumbo ena sayamwa bwino, imakawira m'matumbo aakulu n'kupanga mpweya. Njirayi amaitcha low FODMAP, ndipo inachokera ku yunivesite ya Monash ku Australia. Ndinatsala ndi nsima, mpunga, usipa, chambo, mazira, nkhwani wotendera ndi tomato. Anandigulitsa kope la masamba 40, kuti ndizilemba chomwe ndadya, nthawi yake, ndi momwe mimba yachitira mpaka kukacha.

Chovuta chinali anyezi. Ndiwo yopanda anyezi kwathu ana amaiyang'ana ngati mankhwala, ndipo apongozi anafunsa poyera ngati ndalama yatha m'nyumba. Mayi aja anandipatsa nzeru: ndizikazinga anyezi wodula zikuluzikulu m'mafuta okha, ndimuvuule yense ndi sipuni, kenako ndiye ndithire tomato. Fungo limatsalira m'mafuta, koma shuga wovutayo sasungunuka m'mafuta. Usipa unayambanso kutha m'mbale.

Sabata lachisanu tinayamba kubwezera chimodzichimodzi, masiku atatu chilichonse, kuyambira pang'ono n'kumawonjezera, kenako kupuma mimba ikhazikike. Theka la kapu ya mkaka mu tiyi linandithamangitsa kuchimbudzi isanakwane 10 koloko. Iwo sanadabwe. Anati chogayira shuga wa mu mkaka chimapangidwa pa nsonga za timinofu tomwe celiac inawononga, choncho matumbo akachira mkaka ukhoza kubwerera. Anyezi anandikana ngakhale pang'ono. Nyemba zoviika usiku wonse n'kutaya madzi ake, masipuni atatu zimadutsa bwino. Mango ndiwo ndinkaopa kwambiri, poti unali Disembala ndipo mtengo wa pakhomo unali utawerama ndi zipatso. Bango limodzi laling'ono sindimva kanthu, awiri ndiye mimba imayamba.

Zodandaula zilipo. Ulendo wachiwiri ndinakhala pa benchi maola awiri, wondiuza chachitika palibe, pomwe ndinali nditasiya kalasi m'manja mwa mnzanga. Pepala lomwe amapereka nalo ndi la Chingerezi chokhachokha, lodzaza zakudya zomwe pa msika wa Mangochi simungazione. Mayi aja anachita kulikhwatcha ndi cholembera n'kulemba mawere, mapira, chinangwa ndi zitumbuwa za ufa wa chimanga. Nanga mayi wochokera ku Makanjira kapena ku Namwera, wolankhula Chiyao, pepalalo apita nalo kuti? Kiliniki imeneyi ilembe lina m'Chichewa ndi m'Chiyao.

Ndingatumizeko m'bale wanga popanda kukayika. Mayi aja anandichenjeza kuti kuchotsa zakudya kwa low FODMAP kusapitirire masabata asanu ndi limodzi chifukwa thupi limaperewera, makamaka ife amene magazi amachepa kale. Anatinso mng'ono wanga, yemwe mimba imamuvutanso, asasiye tirigu asanayezedwe, apo ayi magazi akhoza kuonetsa ngati alibe matendawa. Ine ndibwererako mu Juni ndi kope langa, tikayese chambiko.