Ndemanga yanga pa ulendo wokaona ziliza za azisudzo ku Abney Park

Loweruka lapitali ine ndi mayi akunyumba tinayenda nawo m'manda a Abney Park ku Stoke Newington, kumpoto kwa London. Anatitsogolera mayi wina wachikulire amene amaonetsa anthu ziliza za oimba ndi azisudzo akale a music hall, aja ankasangalatsa anthu wamba m'maholo ndi nyimbo, nthabwala ndi magule. Tinalipira pa intaneti, ndipo ndalama zake sindikuzilira.

Ndinapita mtima uli phaphapha. Kwathu ku Dedza munthu salowa kumanda popanda zovuta, ndiye zokayendako ngati kopitidwa mphepo zinkandilemera. Koma nditangolowa ndinadabwa. Mandawa anatsegulidwa mu 1840, ndipo lero ndi nkhalango yeniyeni, mitengo italiitali, ziyangoyango zitakulunga miyala, monga msitu wa kumanda kwathu uja.

Pamene ndinaima nthawi yaitali ndi pa chiliza cha George Leybourne, yemwe anthu ankamutcha Champagne Charlie. Ankatulukira pa siteji atatchena ngati bwana, akuimba za moyo wa mowa wodula, koma anamwalira mu 1884 ali ndi zaka 42 zokha, chuma chonse chitapita. Mayi otitsogolera aja anagwada, n'kupukuta ndere ndi mpango wawo kuti tiwerenge bwino zilembo. Pomwepo panagonanso mkamwini wa Leybourne, Albert Chevalier, woimba mnzake amene anamwalira mu 1923. Anatiuzanso za Nelly Power, mtsikana wotchuka poimba atavala ngati mwamuna, yemwe anatsikira kulichete mu 1887. Zinandikhudza kumva kuti pali gulu la Music Hall Guild limene limakonza ndi kusamala manda a anthu otere, ngakhale si abale awo. Ndinakumbuka oimba athu angati amene agona popanda ngakhale chikwangwani.

Chimene sichinandikomere n'chakuti tinalipo ambiri, moti ife akumbuyo tinkamva mwa apo ndi apo, ndipo pa manda a William Booth, yemwe anayambitsa mpingo wa Salvation Army, tinangodutsa mothamanga.

Ngati mukupita, valani nsapato zamatope, tinjira take n'toterera kukagwa mvula. Komanso imani pafupi ndi wotsogolerayo. Ife tapangana zobwererako mwezi wamawa ndi ana, titanyamula maluwa a pa manda a Nelly.