Trening ya green HR ku Salima: aphunzitsi ndi odziwa koma zotchinga anazilambalala

Ndimagwira ku HR (ofesi yoona za anthu ogwira ntchito) pa kampani ina ku Kanengo, ndiye mwezi wathawu anatitumiza ku trening ya masiku awiri ya green HR pa loji ina ku Salima. Mwachidule akuti polemba anthu ntchito, powaphunzitsa, ngakhale pa appraisal (pounika mmene munthu wagwirira ntchito), tiziikamo zosamalira chilengedwe.

Amayi amene ankaphunzitsawo zinthu amazidziwa, sindinganame. Anafotokoza bwino za lamulo la Environment Management Act la 2017 lomwe linabweretsa MEPA, bungwe la boma loteteza chilengedwe, komanso za majumbo opyapyala osafika ma micron 60 aja, analetsedwa kalekale mu 2015 koma mpaka lero tikugulirabe tomato. Mbali ya ma job description ndinaikonda, mwachitsanzo dalaivala azimuyamikiranso poona mmene akusamalira mafuta, osati kufika msanga kokha.

Koma atafika pa zotchinga ndiye anangodutsa ngati minibasi yodzadza. Akuti tisiye mapepala, ma payslip tizitumiza pa imelo. Chabwino, nanga alonda athu ndi anyamata a ku warehouse omwe ali ndi tima foni ta mabatani? Komanso munthu akafuna loni ku banki amamuuza abweretse payslip yodinda, ma oditala akabwera amafuna fayilo yosainidwa ndi bolopeni, ndiye mapeto ake zomwe zili mu kompyuta timaziprintanso, ntchito kawiri. Magetsi akathima jenereta ya dizilo imalira tsiku lonse, nditafunsa za sola anangoti tikakambirane ndi mabwana, chonsecho mabwanawo sanabwere, anatuma ife amene sitisaina cheke. Chigwereni kwacha ndi 44% mu November 2023 bajeti ya maphunziro ndi imene imayamba kudulidwa, zimenezi sanazikhudze nkomwe.

Za makala ndiye kaya. Kamuuzeni kilinala kuti asiye makala azigula gasi, ndi malipiro akewo, akuyang'anani ngati mwazungulira mutu.

Chinandiseketsa nchakuti aliyense anapatsidwa chimulu cha ma handout chokhuthala ngati buku la sukulu ndi madzi a m'mabotolo apulasitiki m'mawa ndi masana. Chambo chinali bho, intaneti ya pa lojipo yokha ndiye inali yamavuto.

Ndikuwapatsa nyenyezi 3 pa 5. Mukafuna kulembetsa muumirire kuti a finance ndi bwana wamkulu apite nawo, ine handout yanga ili mu diroo mpaka pano.