REDCap pa kafukufuku wa khansa ya khomo la chiberekero ku Salima

Kwa ofufuza ongoyamba kumene, amene akuphunzira ntchito pagulu limodzi ndi namwino, dokotala ndi wa ku labu, REDCap, pulogalamu ya pa kompyuta yosonkhanitsira ndi kusungira mayankho a kafukufuku, ndi yothandiza ndithu. Inapangidwa ku Vanderbilt University mu 2004. Aliyense amapatsidwa gawo lake: wa ku labu amalowetsa zotsatira za HPV (kachilombo koyambitsa khansayi) osaona dzina la mayi. Netiweki ikathawa ku Khombedza, app ya pa tabuleti imasunga mayankho mpaka mutabwerera pa boma.

Povuta ndi potumiza mayankhowo netiweki ikapezeka. Matabuleti awiri akapereka nambala imodzi kwa amayi awiri osiyana, mudzachezera kulekanitsa. Gawanirani manambala musananyamuke, wina ayambire 1001, wina 2001. Fomu nayo muiyese kaye pa anthu khumi, chifukwa kusintha mafunso ntchito ili mkati kumasokoneza zimene zalowa kale.