Latsopano, la pakaunjika, la fotokopi kapena la pa foni: buku lotchipa ndi liti?

Kuno ku Kasungu ndalama ili ndi nyengo yake. Imaoneka msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma cha mu Epulo, imabweranso anthu akamagulitsa soya, mtedza ndi chimanga mpaka mu Julaye, kenako imayamba kuzimiririka. Sukulu nazo zimatsegulidwa mu Seputembala, pomwe mutu wa aliyense uli kale pa feteleza ndi mbewu. Pofika Januwale, teremu yachiwiri ikamayamba, m'nyumba zambiri nkhani imangokhala ya ufa. Ngakhale ife olandira pamwezi sitipulumuka, chifukwa miyezi yomweyo ndi imene abale akumudzi amaimba foni. Choncho buku limabwera kumapeto kwenikweni, pambuyo pa fizi, yunifolomu, makope, sopo ndi ndiwo, ndipo kholo likafika poligula limangofunsa funso limodzi: lotchipa ndi liti?

Funsolo ndi labwino, koma yankho lake silili pa mtengo wolembedwa pachikuto. Ine ndimawerengera chonchi: bukuli liwerengedwa kangati, ndipo ndi anthu angati, lisanathe ntchito? Mukafunsa motero, njira zomwe timapezera mabuku zimasinthana malo modabwitsa.

Tiyambe ndi latsopano, la m'sitolo. Kudula kwake sikufuna umboni. Mapepala ndi inki zimachokera kunja, ndiye kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya mabuku inakwera pamodzi ndi ya shuga ndi mafuta ophikira. Onjezani apo ulendo. M'masitolo a zolembera pa boma mumapezeka mabuku otchuka a sekondale, koma ena muyenera kuwalondola ku Lilongwe, makilomita oposa 120 pa msewu wa M1, ndipo kwa munthu wa ku Chulu, ku Chamama kapena ku Nkhamenya ndalama ya thiransipoti yokha ingagule buku lina. Amene amadziwa amatuma mnansi wopita kale kutauni, n'kumutumizira ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba akaliona ndi maso ake, osati asananyamuke.

Komabe pali mabuku amene ndingagule atsopano osaphethira. Loyamba ndi la nthano za Chichewa, la zithunzi, la mwana wa zaka zinayi mpaka zisanu ndi zitatu. Mwana wamsinkhu umenewu sawerenga buku kamodzi. Amafuna lomwelo lero, mawa ndi mkuja, mpaka amaloweza, n'kumakukonzani mukadumpha mawu. Amagona nalo, amalinyamula popita kwa agogo, amawerengera mng'ono wake ataligwira chozondotsa. Kabuku ka masamba makumi awiri kotere kamadutsa mwa ana atatu m'nyumba, kenako kwa ana a mlamu wanu. Gawani mtengo wake ndi maulendo onse amene katsegulidwa, mupeza kuti palibe chinthu chotchipa kuposa chimenecho m'nyumbamo. Lachiwiri ndi buku la phunziro limene mwana wa Fomu 3 akuvutika nalo, chifukwa lidzamutumikira zaka ziwiri mpaka mayeso a MSCE, n'kutsalira mng'ono wake.

Pa za pulaimale pali chenjezo. Mabuku a m'kalasi amene amakonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi, kuphatikizapo a National Reading Programme, ndondomeko yophunzitsa ana kuwerenga yomwe inayamba mu 2016, boma limapereka ku sukulu ulere, ndipo si ogulitsa. Mukawaona pamsika, ena ali ndi chidindo cha sukulu chofufutidwa ndi inki, dziwani kuti pali kalasi ina imene ana akuunjikana pa buku limodzi chifukwa cha lomwelo. Ndi bwino kukafunsa aphunzitsi ngati mwana angaloledwe kubwera nalo kunyumba.

Ndiye pali a pakaunjika, oyalidwa pa saka m'mbali mwa msewu kapena pakhonde la sitolo, moyandikana ndi nsapato. Apa ndi pamene ndimachedwa kwambiri, chifukwa pali chuma komanso pali misampha. Kwa munthu wamkulu wokonda nkhani zachingerezi, palibe njira yoposa imeneyi: buku lochindikala mumalitenga pa mtengo wa botolo la zoziziritsa kukhosi, ndipo kunenerera kumaloledwa. Dikishonale yakale ndi yabwinobe. Masamu sakalamba, buku la aljebula la zaka makumi atatu zapitazo liphunzitsabe mwana wanu. Koma atilasi yang'anani kaye. Tsegulani mapu a Africa: ngati mulibe South Sudan, inasindikizidwa 2011 isanafike, ndipo ngati mukulembedwa Swaziland m'malo mwa Eswatini, ndi ya 2018 isanakwane. Mwana akaloweza zimenezo akalakwa mayeso ali ndi chikhulupiriro chonse kuti wakhoza. N'chimodzimodzi mabuku a sekondale. Silabasi inasintha kuyambira mu 2015, ndipo mabuku a nthano ndi ndakatulo amene MANEB imafunsapo mayeso amasinthidwa pakapita zaka. Wogulitsa sakuuzani zimenezo. Iye amangoti, “Tengani madala, ndi lomweli akugwiritsa ntchito.” Musanatulutse ndalama, mwana akhale atalemba papepala dzina la buku, mlembi ndi kampani yosindikiza, monga anenera aphunzitsi a phunzirolo.

Ndipo litembenuzeni bukulo. Onani manambala a masamba kumapeto, chifukwa masamba a mayankho ndi amene amayamba kuthothoka. Onani kumsana ngati ulusi ukugwirabe. Timabowo ting'onoting'ono tolowa mkati ndi chizindikiro chakuti tizilombo tinayamba kale kudya, ndipo mukaliika pamodzi ndi ena kunyumba tikapitiriza ntchito.

Mabuku a ana a pakaunjika ndi okongola zedi, a mapepala olimba, mitundu yowala, koma pafupifupi onse ndi achingerezi ndipo amakamba za chipale chofewa, zimbalangondo ndi masitima apansi panthaka. Sindikuti ndi oipa. Mwana wa Sitandade 5 kupita m'tsogolo, amene wayamba kuphunzira maphunziro ake m'Chingerezi, amapindula nawo kwambiri. Koma wa Sitandade 1 akulimbana kale ndi ntchito yolumikiza “ma” ndi “la”. Mukamupatsanso chiyankhulo chachilendo ndi nyama zomwe sanazionepo, amangoonera zithunzi n'kulitaya. Buku lotchipa lija lathera pa tsiku limodzi.

Fotokopi sindichedwapo. Tsamba limodzi limaoneka ngati sikanthu, koma chulukitsani ndi masamba 300, muonjezere yomangira, mtengo wake wayandikira kale wa buku lenileni, pamene zithunzi za sayansi zangosanduka mabala akuda ndipo inki imasuluka chaka chisanathe. Kujambula buku lonse n'kuphwanyanso lamulo la umwini wa zolemba la 2016, lomwe bungwe la COSOMA limayang'anira. Timadandaula kuti mabuku a nthano za Chichewa akusowa, koma mlembi amene buku lake lagulidwa limodzi n'kujambulidwa makumi asanu adzalembanso bwanji lina? Fotokopi ndimaivomereza pa mutu umodzi wovuta kapena pa mapepala a mayeso akale. Mapamfuleti aja ana amawakonda chifukwa ndi afupi, koma ambiri alibe dzina la wowalemba ndipo palibe anawaunika. Aphunzitsi awaone kaye.

Foni ndiyo yabweretsa mkangano m'nyumba zambiri. Kunena zoona, muli zaulere zambiri zabwino. Pa masamba a intaneti a African Storybook ndi StoryWeaver pali nthano za ana za zithunzi, zina m'Chichewa chomwe, zimene mungatsitse kamodzi n'kumawerenga popanda intaneti. Mabuku ndi manotsi a sekondale amayenda pa magulu a WhatsApp tsiku lililonse. Koma ulere umenewu uli ndi mitengo yake yobisika: bandulo, kutchajitsa kwa amene alibe magetsi kapena sola, ndiponso chakuti foni ya pakhomo nthawi zambiri ndi imodzi, ndipo imachoka m'mawa m'thumba la bambo n'kubwera usiku batire itatha. Mwana wa Fomu 4 mukamusiyira foni kuti awerenge Biology, pakatha mphindi khumi ali pa TikTok, ndipo bandulo ya mlungu yatha tsiku lomwelo. Kwa wamng'ono, foni imagwira ntchito ngati inu mwaigwira m'manja, iye ali pamwendo panu, mukuwerengera limodzi. Kwa wamkulu wodziletsa, amene akuphunzira za uphunzitsi, za unamwino kapena za bizinesi, foni imaposa njira zina zonse pa mtengo.

Za laibulale, anthu a Kasungu sitifunika kuuzidwa ndi alendo. William Kamkwamba wa ku Wimbe anasiya sukulu ya sekondale nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002 makolo ake atalephera fizi. Chimene chinamutsalira chinali kalaibulale kakang'ono pa sukulu ya pulaimale ya kwawo komweko. Mabuku a sayansi amene ankabwereka anali achingerezi chomuvuta, moti ankadalira kwambiri zithunzi, koma anamangira makina opanga magetsi ndi mphepo kuchokera ku zitsulo za njinga ndi mitengo ya bulugamu, ndipo mu 2014 anamaliza maphunziro ake ku Dartmouth College ku America. Banja lake silinagule ngakhale limodzi mwa mabukuwo. National Library Service, laibulale ya dziko lino yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1967, ili ndi nthambi m'mizinda ndi m'maboma ena, ndipo imalandira mabuku ochokera ku mabungwe monga Book Aid International. Sukulu zambiri za sekondale, ma TDC (malo osulirako aphunzitsi) ena ndi mipingo ina zilinso ndi kabati ya mabuku imene fungulo lake limangokhala m'thumba la munthu mmodzi, kudikira wofunsa. Vuto la laibulale ndi mtunda komanso nthawi. Ngati kupita ndi kubwerera kukufuna kabaza, ulerewo wachepa. Ndipo buku la silabasi limene aliyense akulifuna mumalipeza labwerekedwa kale, makamaka mayeso akayandikira. Laibulale ndi yabwino pa mabuku amene mwana sankadziwa kuti akuwafuna.

Njira imene ndimaiona ikupambana zonse pa mabuku odula a sekondale ndi yosonkherana, ngati chipereganyu. Tiyerekeze buku ndi K24,000 ndipo mwana akufunika anayi. Banja limodzi lokha ndiye K96,000, ndalama yoti ambiri sangaitulutse mu Seputembala. Mabanja anayi oyandikana, a ana a kalasi imodzi, aliyense akagula limodzi, mwana aliyense ali ndi mwayi wa mabuku onse anayi pa K24,000. Zimatheka, koma pokhapokha pali malamulo omveka kuyambira tsiku loyamba, chifukwa chinthu cha gulu chimasowa mwini. Pakhale kope lolembamo amene watenga ndi tsiku lobweza. Buku lililonse likutidwe ndi pepala la khaki kenako pulasitiki. Wotaya agule lina, ngakhale ali mwana wa achimwene anu. Apa ndi pamene magulu ambiri amathera, poti munthu amachita manyazi kulipiritsa m'bale. Ndipo mugwirizane msanga za mwezi wa mayeso, pamene onse anayi adzafuna buku la Chemistry usiku umodzi. Ena amathana nazo poti ana aziwerengera pamodzi pakhomo limodzi madzulo, zomwe zimapulumutsanso ndalama ya makandulo ndi mabatire a tochi.

Akuluakulu timadziiwala pa nkhaniyi. M'nyumba zambiri muli Baibulo ndi buku la nyimbo, zogulidwa zatsopano, zodula ndithu, koma zimatha zaka makumi awiri zikutsegulidwa mlungu uliwonse, ndipo palibe amati ndalamayo inaonongeka. Kupitirira apo, zowerenga za wamkulu zikhoza kukhala pafupifupi zaulere. Nyuzipepala ya Fuko imagawidwa osagulitsa. Masamba a Chichewa a Tamvani mu Weekend Nation ndi Tikambe mu Malawi News sathera tsiku limodzi. Amene amagula nyuzipepala kuntchito azibwera nawo kunyumba m'malo mosiyira wokulungira mandazi. Alangizi a zaulimi amakhala ndi timapepala ta kasamalidwe ka mbewu ndi ziweto timene timangofuna kupempha. Zimenezi zimagwira ntchito iwiri, chifukwa agogo amene anadutsa sukulu ya kwacha akamawerenga mokweza pakhonde, chidzukulu chimabwera chokha kudzasuzumira.

Nanga pa bajeti buku likhale pati? Ngongole ya ku banki m'khonde ili ndi chiwongoladzanja cha pamwezi, ndipo buku silibweza ndalama mwezi wamawa ngati mmene ingachitire geni ya tomato, choncho kukongola kuti mugule buku n'kudzimangirira. Za katapila tisayambe n'komwe. Nthawi yabwino ndi pomwe ndalama ili m'manja: tsiku limene mwalandira ya fodya kapena ya soya, kapena pomwe gulu la banki m'khonde likugawana masheya kumapeto kwa chaka. Pitani kwa aphunzitsi teremu yachitatu isanathe, mu Juni kapena kumayambiriro kwa Julaye, mukatenge mndandanda wa mabuku a kalasi yotsatira, ndipo mufunse kuti mwa onsewo ndi awiri ati amene mwana sangachite popanda iwo. Nthawi yomweyo ndi imene a Fomu 4 amakhala akumaliza mayeso, ndipo ambiri amagulitsa mabuku awo motchipa kuti apeze ya thiransipoti yobwerera kwawo. Amenewo ndi a silabasi yomwe ikugwira ntchito panopa, ndipo mwini wake mukumudziwa, mungathe kumufunsa ngati masamba onse alimo.

Mukagula, musawasunge m'katoni pansi. Chiswe cha kuno chimalowa m'katoni usiku umodzi, ndipo denga likadontha mu Febuluwale mabuku amafufuma n'kumatana masamba. Chidebe cha pulasitiki chokhala ndi chivundikiro, choikidwa pa mpando kapena pa njerwa, n'chokwanira mabuku khumi ndi awiri a sekondale.