Chimbale cha Black Girl, filimu ya Ousmane Sembène: nyenyezi 4 mwa 5

Ndinachiitanitsa pa intaneti ndipo chinafika patatha masabata atatu, chopanda kukalika paliponse. Ndachionera kanayi tsopano, ndiye ndingathe kunenapo.

Muli mafilimu awiri. Yaikulu ndi Black Girl ya 1966, yotalika pafupifupi ola limodzi. Inayo ndi Borom Sarret ya 1963, kafilimu ka mphindi pafupifupi 20 konena za bambo woyendetsa ngolo ya hatchi mumzinda wa Dakar, likulu la Senegal. Zithunzi zake ndi zopanda mtundu, zakuda ndi zoyera basi, koma anazikonzanso mwaluso moti ngakhale timadontho ta pa diresi la Diouana, mtsikana wa mu Black Girl, timaoneka limodzilimodzi.

Chimene chinandikoka kuti ndigule ndi mbiri ya mwiniwakeyo. Sembène anabadwa mu 1923 ku Ziguinchor, kum'mwera kwa Senegal, mwana wa msodzi. Sukulu sanapite nayo patali. Anagwirapo ntchito ya zomangamanga, analowa usilikali wa Afalansa pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, kenako anakakhala wonyamula katundu padoko la Marseille, ndipo kumeneko ndi kumene anayamba kulemba mabuku. Chinamuwawa n'chakuti anthu amene ankawalembera, ambiri mwa iwo sankatha kuwerenga. Ndiye akuyandikira zaka 40, pamene ambirife timati zathu zinatha, iye anapita ku Moscow kukaphunzira kujambula mafilimu. Kanema ankamutcha sukulu yamadzulo ya anthu wamba, ngati mmene ife timanenera sukulu ya kwacha. Mu 1968 anatulutsa Mandabi m'chinenero cha Wolof, ndipo filimu yake yomaliza, Moolaadé, inapata mphoto pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes, ku France, mu 2004 iye ali ndi zaka 81. Anamwalira ku Dakar mu 2007.

Kachitatu ndinaonera ndi azakhali anga, amene anagwira ntchito ya m'nyumba ku Joni zaka zambiri. Nkhani yake ndi ya Diouana, mtsikana wa ku Dakar amene mabwana ake achizungu anamutengera ku Antibes. Iye ankati akukalera ana n'kuona France, koma anakapezeka ali wophika, wochapa, wokolopa, osatuluka m'nyumba. Pali pena pamene kalata yabwera kuchokera kwawo. Bwana akuiwerenga mokweza, kenako akutenga cholembera n'kuyamba kumuyankhira, mwini wake ali chete poteropo. Azakhali anaika kapu ya tiyi pansi, nati, "Imitsa kaye, mwana wanga." Anakhala duu kwa kanthawi, maso ali pa Diouana. Kenako anandifotokozera za kachipinda kawo ka kuseri kwa garaja, nkhani imene sanandiuzepo chibadwire changa. Mbissine Thérèse Diop, amene anasewera Diouana, salankhula zambiri, koma nkhope yakeyo azakhali anaiwerenga popanda ine kutanthauzira.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha mawu olembedwa m'munsi. Filimuyi ndi ya Chifalansa, mawu omasulira ali m'Chingerezi chokha, ndiponso zilembo zake n'zoyera. Makoma a nyumba ya ku Antibes nawonso ndi oyera mbee, choncho pena ndinkachita kubweza kuti ndiwerenge bwino ndisanawauze azakhali m'Chichewa. Zimandipweteka kuti munthu anatenga kamera pofuna kufikira osawerenga, koma lero kuti umve filimu yake uyenera kuwerenga mothamanga chinenero cha eni.

Musanagule, onetsetsani kuti makina anu amawerenga zimbale za dera limene chikuchokera, chifukwa si onse amatero. Ngati muli ndi achibale amene anagwirapo ntchito m'nyumba za anthu, aitaneni muonere limodzi, ndipo rimoti ikhale m'manja mwanu. Azakhali andiuza kale kuti ndiwafunire Mandabi.