Sabuwufa kapena masipika oyima pansi: ndalama ipite kuti?

Anzanga a ku Area 25 ndi ku Kawale akhala akundifunsa funso limodzimodzi. Ali ndi ampu (chokuzira mawu) ndi timasipika tiwiri, koma besi ikuwachepera. Agule sabuwufa, bokosi loliza besi yokha, kapena agule masipika ataliatali oyima pansi?

Kudandaula kwawo n'komveka. Timasipika tambiri timayamba kufooka pansi pa 60 Hz (Hz ndi muyeso wa mawu: nambala ikachepa, mawu ndi a besi kwambiri), pomwe chingwe chachikulu cha gitala ya besi chimatsika mpaka 41 Hz. Ndiye kuti mu reggae ndi amapiano muli kugunda kwina komwe sakukumva n'komwe. Pa kutsika pansi, sabuwufa yabwino imapambana. Pa malo imapambananso, poti ndi bokosi limodzi lokhala pambali pa sofa.

Pamene ine ndinapsera mtima ndi pa mawaya. Wogulitsa wina ku Old Town anachita kulumbira kuti sabuwufa yake imalowa pa ampu iliyonse. Kufika kunyumba, kumbuyo kwake kuli polowetsera timapulagi tozungulira ta RCA pokha, pomwe ampu yanga, monga maampu ambiri akale a stereo, ilibe potulukira polembedwa SUB OUT. Kubwerera nayo, akuti katundu akatuluka mu shopu sabwezedwa. Ndinachita kugulanso kabokosi kosinthira mawu a pa waya wa sipika kuti alowe pa RCA, mawaya ena, kuphatikiza ya minibasi yopita ndi kubwera. Kutchipa konse kuja kunathera pompo, ndipo mpaka lero zimandiwawa, chifukwa munthuyo ankadziwa zomwe ankagulitsa.

Choncho musanatulutse ndalama, litembenuzeni bokosilo. Pakhale polembedwa high level input, polowetsa mawaya a sipika, komanso kopotokola ka crossover, koikira malire a mawu omwe sabuwufa iziliza. Ambiri amayambira pa 80 Hz n'kumatsitsa mpaka besi ileke kumveka ngati ikuchokera pakona yokha. Mawati a PMPO olembedwa pa katoni, omwe amakokomeza mphamvu, musawawerengere, funsani a RMS, omwe amaonetsa mphamvu yomwe bokosilo limatulutsa mosalekeza.

Kenako ganizirani nyumba yanu. Besi imadutsa khoma kuposa mawu ena onse, ndipo m'nyumba yopanda siling'i malata ndi mawindo zimanjenjemera, nyimbo n'kusanduka phokoso. Ngati mukukhala pa mdadada, aneba akadandaula kwa alandilodi musadabwe.

Masipika oyima pansi alibe mavuto a mawaya aja. Amalowa pa ampu yomweyo, safuna soketi ina, komanso alibe ampu yam'kati yoti ipse magetsi akabwera mwamphamvu. Mungoona kuti ma ohm ake (muyeso wa kulemera kwa sipika pa ampu), kaya 4, 6 kapena 8, ampu yanu ikuwakwanitsa.

Kwa womvera nyimbo m'nyumba ya lendi, ine ndikuti masipika. Sabuwufa ndi ya wokonda mafilimu amene ali kumpanda kwake, ndipo popita kukagula anyamule ampu yake, ayesere pomwepo asanalipire.