Days Gone pa PS4: zimene ndaona patapita miyezi ndikuisewera

Gemu ya Days Gone inatuluka pa 26 Epulo 2019 pa PlayStation 4, ndipo inapangidwa ndi Bend Studio ya ku Oregon m'dziko la America. Ine ndinaigula mochedwa, mu 2024, kwa munthu wina wogulitsa madisiki akale m'tauni muno mu Lusaka. Nditangoiyamba ndinalemba mwachidule kuti zithunzi zake n'zokongola koma imayamba mozizira, ndipo ndinalonjeza kudzanenanso zambiri ndikaimaliza. Tsopano nkhani yake yonse ndaimaliza, ndipo kuzizira koyambirira kuja sindikukuchotsa, chifukwa kulipodi. Chimene ndikuwonjezera n'chakuti gemuyi ili ndi zinthu ziwiri zabwino kwambiri, njinga yamoto ndi makamu a zilombo, koma chachiwiricho anachiika kutali moti osewera ambiri amatopa asanachifike.

Kwa amene simunaisewerepo, mumakhala Deacon St. John, mwamuna wa gulu la okwera njinga zamoto lotchedwa Mongrels, amene akuyendayenda m'nkhalango ndi m'mapiri a Oregon patapita zaka ziwiri mliri utasandutsa anthu ambiri kukhala zilombo zotchedwa Freakers. Ali ndi mnzake wapamtima Boozer, ndipo mtima wake sunaiwale mkazi wake Sarah, amene anasiyana naye usiku umene mliriwo unabuka. Anthu otsala amakhala m'misasa yotchingidwa ndi mipanda, ndipo Deacon amawagwirira maganyu kuti apeze mfuti, zipolopolo ndi zipangizo za njinga.

Njingayo ndiyo imanyamula gemu yonse. Poyamba amakupatsani njinga yofooka, ya thanki yaing'ono, ndipo petulo amatha msanga kwambiri. Akakutherani pakati pa nkhalango dzuwa likulowa, mumatsika n'kuyamba kusaka chigubu chofiira m'nyumba zosiyidwa, monga kondakitala wa minibasi imene yazima pa Great East Road, kusiyana kwake n'kwakuti kuno mimbulu yodwala ikukununkhizani. Njinga ikagunda mtengo kapena ikalowa m'madzi imawonongeka, ndipo mumaikonza ndi zitsulo zimene mumatola m'mabonete a magalimoto akufa. Ngakhale kudumpha kuchoka pamalo ena kupita pena kudzera pa mapu kumadya petulo, komanso sikutheka ngati panjira pali zisa za Freakers zimene simunaziotche. Masabata oyamba zimenezi zimakwiyitsa. Pakapita nthawi mumayamba kuyenda mwanzeru: kusiya kuponda moto potsetsereka kuti petulo asathe, kudziwa pamene pali malo omwetsera mafuta, ndi kuimika njinga italoza kumene mungathawire musanalowe m'nyumba iliyonse. Mukafika pogula thanki yaikulu ndi injini yamphamvu, mumamva kuti mwazikhetsera thukuta, ndipo m'magemu ambiri a mtundu uwu amene ndasewera sindinakondepo chokwera changa chonchi.

Makamu a zilombo ndiwo anatchukitsa gemuyi pamene inaonetsedwa koyamba pa chionetsero cha magemu cha E3 mu 2016. Pa mapu onse pali makamu pafupifupi 40, ndipo lalikulu kwambiri, la pamalo akale ochekera matabwa otchedwa Old Sawmill, lili ndi zilombo pafupifupi 500. Masana zimagona m'mapanga ndi m'malo amdima, usiku zimatuluka kukadya ndi kukamwa madzi, choncho mukhoza kukumana nazo mwadzidzidzi pokhota msewu. Kulimbana ndi khamu kumafuna kukonzekera. Mumayamba mwayendera malowo mwakachetechete, kuona tinjira topapatiza, kutchera mabomba, kudzaza mabotolo a palafini, kenaka n'kuziputa dala. Zikadzuka zimakhamukira kwa inu zonse pamodzi, kukwera madenga ndi kudumpha mipanda, ndipo mphamvu zanu zothamangira zikatha musanafike pa njinga, nkhani yathera pomwepo. Ngakhale PS4 ndi makina a 2013, imakwanitsa kuonetsa zilombo zonsezo nthawi imodzi, ndipo mpaka lero ndikamva phokoso lake kumbuyo manja amatuluka thukuta pa padi.

Vuto lagona pa nthawi imene munthu amadikira kuti afike pamenepo. Nkhani ya gemuyi imatenga maola oposa 30, ndipo mbali yaikulu ya maola amenewo mulibe zida zokwanira kulimbana ndi khamu lalikulu, choncho mukaliona mumangothawa. Nkhani yeniyeniyo imakutumani kukapha makamu chakumapeto. Pakati ponsepo mumagwira maganyu obwerezabwereza: kukagwira munthu wothawa pa njinga, kukathyola msasa wa achifwamba, kukaotcha zisa, kubwerera kumsasa, kenaka wailesi kulira kuti mubwererenso kumene mwachokera. Zotopetsa kuposa zonse ndi ntchito zozembera ofufuza a bungwe la boma la m'gemuyi lotchedwa NERO, pamene mumabisala m'tchire kumvetsera zimene wasayansi akulankhula, ndipo msilikali mmodzi akangokuonani mumayambiranso. Palinso zigawo zokumbukira zakale, zimene mumangoyenda pang'onopang'ono pambali pa Sarah mukucheza, opanda chilichonse chochita. Cholinga chake n'chakuti mumvetse chikondi chawo, koma zimatalika mopitirira muyeso.

Dongosolo la ndalama nalo lili ndi mbali ziwiri. Mumapereka makutu a Freakers ndi nyama kumsasa kuti mupeze ndalama ndi chikhulupiriro cha anthu ake, koma ndalama za msasa wina sizigwira ntchito kumsasa wina. Kumsasa wa Copeland kuli zipangizo za njinga, kumsasa wa Tucker ku Hot Springs kuli mfuti, ndiye mumakakamizika kusankha kumene mungakhetsere thukuta. Maganizo amenewa ndi abwino, koma mukafika kumadera akumwera a Diamond Lake ndi Wizard Island mumayambanso ndi thumba lopanda kanthu, pamene kumbuyo mwasiya ndalama zimene simungazigwiritse ntchito kwa nthawi yaitali.

Za nkhani yake ndinene mosamala kuti ndisakuwonongereni. Sam Witwer, amene analankhula mawu a Deacon, anagwira ntchito yabwino pa zigawo za chisoni, ndipo ubale wa Deacon ndi Boozer ndi wogwira mtima kuposa wa Deacon ndi mkazi wake. Msasa wa Lost Lake, wotsogozedwa ndi Iron Mike, ndi pamene nkhani imayamba kukoma, chifukwa pamabuka funso lenileni la ngati n'kotheka kusunga mtendere ndi gulu la anthu ankhanza lotchedwa Rippers. Chokhumudwitsa n'chakuti Deacon amalankhula yekha mosalekeza, nthawi zina mokuwa, ngakhale pamene mukuzembera adani amene ali pafupi. Chingerezi chake n'chachangu komanso chodzaza ndi mawu otukwana, choncho yatsani mawu olembedwa pansi, ndipo musaisewere ana ali pabalaza. Ndi gemu ya akuluakulu.

Pali mfundo ina imene olemba za magemu a kunja sangaiganizire, koma kwa ife kuno ndi yaikulu. Chaka cha 2024 chilala chinachepetsa madzi m'damu la Kariba, ndipo m'makomboni ambiri a Lusaka magetsi ankazima maola oposa 12 pa tsiku. Days Gone ndi gemu ya munthu mmodzi, siifuna intaneti posewera, choncho malaiti akangobwera mumayatsa n'kupitiriza popanda kuganiza za bandulo. Komabe kuseva mwakufuna kwanu kumatheka pokhapokha muli pafupi ndi njinga kapena bedi, ndiponso popanda adani pafupi. Magetsi akathima muli mkati mwa phanga mutatola zinthu zambiri, mumabwerera pamene gemu inaseva yokha. Kuwonjezera apo, PS4 ikazima mwadzidzidzi imayamba yafufuza hadi disiki yake isanatseguke, ndipo gemuyi payokha imatenga nthawi yaitali kuti ilowe. Munthu amene wapatsidwa maola ochepa a magetsi, mwina pakati pa usiku, amaiwerengera mphindi iliyonse yodikira. Chizolowezi chimene chinandithandiza ndi kuseva nthawi iliyonse ndisanatsike pa njinga.

Disiki yokha ili ndi gemu monga inalili mu 2019, pamene inali ndi zolakwika zambiri monga kudukiza kwa zithunzi ndi kusowa kwa mawu. Zambiri mwa izo zinakonzedwa ndi ma apudeti, amene anabweretsanso Survival Mode (kaseweredwe kovuta kwambiri) ndi New Game Plus (kuyambiranso nkhani muli ndi zida zimene munapeza kale) chaka chomwecho. Ma apudetiwo ndi aakulu, choncho ndi bwino kunyamula makina anu kupita kwa mnzanu amene ali ndi Wi-Fi yopanda malire kusiyana n'kuwonongera bandulo ya pafoni. Ngakhale mutatero, pa PS4 wamba zithunzi zimadukizabe mukamathamanga kwambiri ndi njinga yamphamvu, makamaka kumadera akumwera, ndipo fani ya makina imalira kwambiri m'nyengo yotentha ya Okutobala ngati simunaipukute fumbi. Amene muli ndi PS5, disiki yomweyi imayenda bwino kwambiri pa mafelemu (zithunzi) 60 pa sekondi, ndipo mu Epulo 2025 kunatuluka mtundu wake wokonzedwanso wotchedwa Days Gone Remastered.

Anzanga ambiri a m'makomboni a Chawama ndi Mtendere amene anazolowera magemu a mpira, a mphindi khumi n'kupatsirana padi, anaibwereka n'kuibweza asanafike n'komwe ku Lost Lake, ndipo sindiwadzudzula. Ngati mumafuna gemu yokoma kuyambira ola loyamba, imeneyi si yanu. Ngati mungapirire maola khumi oyambirira, gulani disiki yakale pamtengo wotsika, muyang'anitsitse kuti ilibe mikwingwirima musanapereke ndalama, ndipo ndalama zanu zoyamba kwa Copeland muziike pa thanki ya petulo musanaganize zogula china chilichonse.